Kubzala mitengo ya zipatso pakhomo: kuyambira pa dzenje mpaka zipatso zoyamba

Mafunso awiri andipeza kambirimbiri. Loyamba ndi lakuti, "Mtengo wanga wakula, masamba ali biriwiri, koma bwanji sukubereka?" Lachiwiri ndi lakuti, "Ndinagula lalanje lomezanitsa, koma zipatso zake ndi zowawasa komanso zakhungu lokhakhala. Kodi anandinamiza?" Ndikafunsitsa ndimapeza kuti vuto silinayambe chaka chimene mwini mtengo akudandaulacho. Linayamba tsiku lobzala, kapena m'zaka ziwiri zoyambirira, pamene mtengo unkafunika mpeni koma mwini wake ankaumvera chisoni. Ndiye ndalemba zonse pano kuti aliyense wofunsa ndizingomupatsa awerenge. Ndondomeko 6 ndi imene ndikufuna muiwerenge mofatsa kwambiri, chifukwa ndi imene ambiri amailumpha.

1. Yang'anani malo musanagule mbande

Ambiri amayamba ndi kugula, kenako n'kumazungulira pabwalo mbande ili m'manja kufunafuna poibzala. Yambani ndi malo. Mtengo wa zipatso umafuna dzuwa la maola 6 kapena kuposerapo tsiku lililonse. Pamthunzi umakula ndithu, koma umatalika moonda, maluwa n'kukhala ochepa.

Ganizirani kukula kwa mtengowo ukadzakhwima, osati mmene ukuonekera m'chubu. Mango ndi mapeyala amafuna mamita 8 mpaka 10 pakati pa mtengo ndi unzake. Malalanje, mandimu ndi manachesi amafuna mamita 5 mpaka 7, magwafa mamita 5 kapena 6, ndipo mapapaya ndi nthochi zimakwana pa mamita 2 mpaka 3. Ngati bwalo lanu ndi laling'ono, kuli bwino mitengo itatu yopuma bwino kusiyana ndi khumi yolimbirana dzuwa. Mitengo ikuluikulu muitalikitse ndi khoma la nyumba, mapaipi a madzi, dzenje la zonyansa komanso mawaya a magetsi.

Kenako yesani ngati madzi amalowa pansi. Kumbani kadzenje kakuya masentimita 50, mudzazemo madzi, mubwerenso mawa lake nthawi yomweyo. Mukapeza madzi akadali momwemo, malowo ndi a lowe, kutanthauza kuti amasunga madzi. Nthochi ndi magwafa zimapirirako pang'ono, koma peyala ndi papaya zimafa. Peyala makamaka limagwidwa ndi matenda oola mizu obwera ndi tizilombo totchedwa Phytophthora, timene timasangalala m'dothi lonyowa nthawi zonse. Masamba amayamba kufota ngakhale pansi pali chinyezi, mwini mtengo amaganiza kuti ndi ludzu n'kuonjezera madzi, basi mtengo wapita.

2. Sankhani mbande yoyenera

Kumezanitsa ndi kulumikiza mitengo iwiri kuti ikhale umodzi. Gawo la pansi, limene timalitcha tsinde, limachokera ku njere ndipo ntchito yake ndi mizu. Gawo la pamwamba ndi kanthambi kapena diso lotengedwa pa mtengo wodziwika kuti umabereka zipatso zabwino. Zipatso zimene mudzadye zidzachokera ku gawo la pamwambali lokha. Zimenezi muzisunge mumtima, tidzazifuna kutsogoloku.

Ubwino wa mbande yomezanitsa ndi uwiri. Imayamba kubereka msanga, pakatha zaka 3 kapena 4, pamene mango a njere amatenga zaka 5 mpaka 8 ndipo peyala la njere limatha kudikiritsa zaka 10. Komanso mumadziwiratu chipatso chake. Njere ya peyala siibereka chipatso chofanana ndi chimene inachokeramo. Mapeyala onse a Hass amene ali padziko lapansi anachokera ku mtengo umodzi umene Rudolph Hass anabzala ku California, ndipo analembetsa mtunduwu mu 1935. Mtengo woyambawo unadulidwa mu 2002 utadwala matenda a mizu, koma mtunduwo ulipobe chifukwa cha kumezanitsa. Mukabzala njere ya Hass mudzapeza peyala ndithu, koma silidzakhala Hass.

Pa mango, mitundu yodziwika monga Tommy Atkins, Kent ndi Keitt imafunikanso kumezanitsa. Keitt amapsa mochedwa, choncho mukamubzala pamodzi ndi Tommy Atkins mumatalikitsa nyengo yodya mango pakhomo. Chimodzimodzi malalanje: Washington Navel amapsa msanga, Valencia amachedwa.

Mukafika pa nazale musathamangire mbande yaitali kuposa zonse. Nyamulani chubu muone pansi pake. Ngati mizu yabowola chubu n'kulowa m'nthaka, kapena yazungulirazungulira m'kati, mbandeyo yakhalitsa ndipo idzavutika kugwira. Kenako funani polumikizira. Ndi kachipsera kamene kali masentimita 15 mpaka 30 kuchokera pa dothi, nthawi zambiri kotupirako pang'ono, ndipo khungwa la m'munsi limasiyana maonekedwe ndi la m'mwamba. Pa mango ndi mapeyala kamaoneka ngati chilembo V. Pa malalanje mtengo umakhala ngati wakhota pang'ono pamene diso linaphukira. Wogulitsa akanena kuti mbande ndi yomezanitsa koma chipsera simukuchiona, isiyeni. Mbande ya lalanje ya masamba a timabamputimabampu kapena achikasu mwamathothomathotho muisiyenso, chifukwa matenda ena a malalanje amayenda ndi mbande ndipo alibe mankhwala.

Mapapaya safuna zonsezi. Amabzalidwa kuchokera ku njere ndipo amabereka chaka chisanathe kapena chikangotha. Vuto lawo ndi lakuti pali aamuna, aakazi ndi ena okhala ndi mbali zonse ziwiri, ndipo simungawasiyanitse asanachite maluwa. Bzalani mbande zitatu pa phando limodzi. Maluwa akatuluka, wamwamuna mudzamudziwa ndi timaluwa tambiri tolendewera pa timapesi titalitali, pamene wamkazi amakhala ndi duwa lalikulu lokhala chete pafupi ndi thunthu. Siyani mtengo umodzi pa phando, ndipo wamwamuna mmodzi amakwanira aakazi 10.

3. Kumbani dzenje mwezi umodzi musanabzale

Dzenje likhale masentimita 60 mulitali, 60 mulifupi ndi 60 kuya kwake. Pa dothi lolimba likulitseni m'mbali. Dothi la pamwamba, lakuda lija, muunjike mbali ina, la pansi mbali inanso. Sakanizani la pamwamba ndi ndowa imodzi kapena ziwiri za manyowa owola bwino, mubwezere m'dzenje, muthire madzi kuti likhazikike. Manyowa owola bwino ndi amene sakununkhanso khola, sakutentha mukalowetsa dzanja, ndipo amafumbutuka. Ndowe zaziwisi, makamaka zitosi za nkhuku, zimaotcha mizu.

Pa dothi la makande pali msampha. Mukakumba dzenje lakuya n'kudzazamo dothi lofewa, mvula ikagwa dzenjelo limasanduka mtsuko, madzi amalowa koma osatuluka. Pamalo otere musazamitse dzenje. Unjikani mulu wa dothi labwino wotalika masentimita 30 mpaka 40, wotambalala kuposa mita imodzi, mubzale pamwamba pake.

4. Bzalani mosazamitsa

Nthawi yabwino ndi kumayambiriro kwa mvula, nthaka itanyowa bwino, madzulo kapena tsiku la mitambo. Thirirani mbande ili m'chubu momwemo, kenako ng'ambani chubucho ndi mpeni, osachita kuikoka pa thunthu. Pulasitiki yense achoke. Mizu imene yapindika pansi muidule, yozungulira m'mbali muimasule ndi zala.

Apa ndi pamene mitengo yambiri imaphedwera. Dothi la m'chubu likhale lofanana ndi nthaka ya pabwalo, kapena litumphukeko ndi zala ziwiri, popeza dothi la m'dzenje limatitimira pakapita masabata. Gonekani mpini wa khasu pakamwa pa dzenje kuti muone mzere wake. Polumikizira pakhale pamwamba pa dothi nthawi zonse. Mukapakwirira, khungwa limaola, ndipo pa malalanje mumayamba kuona utomoni ukutuluka m'munsi mwa thunthu, chizindikiro cha matenda amene amadya khungwa mozungulira mpaka mtengo kuuma. Tsenderani dothi ndi manja, thirani ndowa yathunthu, muzike chikhomo pambali n'kumangirira mtengo ndi kansalu momasuka.

5. Madzi, kuphimbira ndi mpanda

Mvula ikatha, mtengo wa chaka choyamba umafuna ndowa ya malita 20 kamodzi kapena kawiri pa sabata, malingana ndi dothi ndi kutentha. Pa mchenga muzithirira pafupipafupi, pa makande motalikitsa. Kuthira kapu imodzi tsiku lililonse kumanyowetsa pamwamba pokha, mizu n'kuzolowera kukhala pamtunda, ndipo tsiku limene mwachokapo mtengo umafota. Thirani madzi ambiri kamodzi, mudikire. Musanathirenso pisani chala m'dothi. Ngati kuli chinyezi, dikiraninso.

Wumbani kamzere ka dothi mozungulira mtengo, pa mtunda wa theka la mita, kuti madzi asathawe, koma pa thunthu penipeni pakhale pokwera kuti madzi asamakhudze khungwa. Phimbirani ndi udzu wouma kapena masamba, muunjike mpaka masentimita 10, koma musiye mpata wa chikhatho pakati pa udzuwo ndi thunthu. Anthu ambiri amaopa kuphimbira chifukwa cha chiswe. Chiswe chimakonda kugwira mtengo umene wafooka kale ndi ludzu kapena uli ndi bala, ndipo udzu wogundana ndi thunthu ndi umene umachipatsa njira. Muziyang'ana thunthu sabata iliyonse n'kuphwanya timisewu tadothi mukationa.

Mbuzi imodzi imamaliza ntchito ya chaka chathunthu pa mphindi zochepa. Tchingani mtengo tsiku lomwelo lobzala, osati mawa. Udzu womera pansi pa mtengo muzizula ndi manja, makamaka pa peyala ndi malalanje, amene mizu yawo yodyera ili pamtunda kwambiri moti khasu limaidula.

6. Mpeni: ntchito imene ambiri amaiopa

Munthu wathirira mtengo wake chilimwe chonse, wauona ukutulutsa masamba atsopano, mwinanso maluwa, ndiye wina akumuuza kuti adule. Mtima umakana, ndipo ndimamvetsa. Koma kuongola mtengo n'poyamba, ndipo pali zinthu zinayi zoyenera kudula m'zaka ziwiri zoyambirira.

Choyamba ndi pulasitiki ya polumikizira. Pomezanitsa amamanga bala ndi kapulasitiki. Ngati ikadalipo ndipo bala linapola, iduleni mosamala ndi lezala. Mtengo ukamanenepa pulasitikiyo imalowa m'khungwa n'kuutsamwitsa, kenako tsiku la mphepo umathyokera pomwepo. Kawaya komangira dzina la mbande kamachitanso zomwezo.

Chachiwiri ndi mphukira za m'munsi, ndipo apa ndi pamene pali yankho la lalanje lowawasa lija. Kumbukirani kuti tsinde ndi mtengo wina. Malalanje ambiri amamezanitsidwa pa tsinde la mandimu a khungu lokhakhala, chifukwa mizu yake ndi yamphamvu. Tsindelo silinaiwale kuti ndi ndimu. Limatulutsa mphukira pansi pa chipsera, ndipo mphukirazo zimakula mwachangu kuposa lalanje limene lili pamwamba. Mwini mtengo amaona nthambi yowongoka, yonenepa, ya minga italiitali, n'kusangalala kuti mtengo wagwira. Pakatha zaka ziwiri nthambiyo yalanda chakudya chonse, lalanje lija lapinimbira kapena lauma, ndipo chimene chatsala ndi ndimu. Wogulitsa sananame. Mtengo unasinthira pakhomo pomwepo.

Choncho gwadani pa mtengo wanu kamodzi pa mwezi, mupeze chipsera, muchotse chilichonse chimene chaphuka pansi pake. Zikakhala zanthete zimathothoka ndi chala. Zikakhwima dulani mogundiza thunthu osasiya chitsa, chifukwa chitsa chimaphukanso. Ngati mukukayika, thyolani tsamba la mphukirayo, mulifikise, mununkhize, muyerekeze ndi tsamba la m'mwamba. La tsinde limamveka fungo la ndimu. Matsinde ena amatulutsa tsamba logawika patatu, losavuta kulizindikira. Ine ndimalangiza kupaka kadontho ka penti yoyera pamwamba pang'ono pa chipsera, chifukwa pakapita zaka chimayamba kubisika. Mango ndi mapeyala amachitanso zomwezi, ndipo pa iwo n'kovuta kwambiri kusiyanitsa masamba, ndiye chipseracho ndicho chokutsogolerani.

Chachitatu ndi maluwa oyamba. Kanthambi kamene anamezanitsa kanachokera pa mtengo wokhwima, choncho kamatha kuchita maluwa mtengo uli wofika m'chiuno. Achotseni onse chaka choyamba ndi chachiwiri. Mtengo waung'ono ukanyamula mango atatu umasiya kukula, mphamvu zonse zimapita ku zipatsozo, nthambi zimapindika, ndipo mumataya chaka chathunthu cha kukula. Pa mango ndi bwino kudikira kuti tizipatso tiyambe kuoneka kenako n'kudula phata lonse la maluwa, chifukwa mukachotsa msanga kwambiri mtengo umatha kutulutsa maluwa ena. Chaka chachitatu siyani zipatso zochepa. Kuyambira chachinayi mtengo udzisenzera wokha.

Chachinayi, chimene chimaopsa kwambiri, ndi kudula mutu. Mango akasiyidwa okha amakwera ndi thunthu limodzi, nthambi n'kukayambira kutali, ndipo mapeto ake ndi mtengo woti kuthyola kwake mpaka kugenda. Mango amabereka kunsonga kwa nthambi. Nsonga zikachuluka, zipatso zimachulukanso. Ndiye mtengo ukafika mita imodzi, uduleni pa masentimita 70 kapena 80, bola pakhale pamwamba ndithu pa chipsera.

Musanadule yang'anitsitsani thunthu. Mango amakula modumphadumpha, amatulutsa masamba ofiirira, n'kupuma, n'kutulutsanso. Pamene anapumira pamakhala mphete, pamene masamba ambiri athithikana pamodzi. Mukadula pamwamba penipeni pa mphete, mphukira zisanu ndi ziwiri kapena kuposa zimatulukira malo amodzi, ndipo nthambi zotere zimadzang'ambika zikalemedwa. Dulani pansi pa mphete, pamene masamba ali otalikirana. Pakatha masabata angapo mphukira zidzatuluka motalikirana. Sankhani zitatu kapena zinayi zoloza mbali zosiyana, zina zonse muchotse. Nthambi zimenezi zikafika masentimita 50 kapena 60 ndipo masamba ake akhwima, ziduleninso kunsonga, musiye mphukira ziwiri kapena zitatu pa iliyonse, zoloza kunja. Mukachita zimenezi kawiri kapena katatu, mudzakhala ndi mtengo wamfupi, wotambalala, wolowa dzuwa ndi mphepo pakati, umene mukhoza kuusunga pa mamita 3 kapena 4 moyo wake wonse.

Magwafa amadulidwa chimodzimodzi ndipo sakwiya nazo. Peyala musalidule kwambiri: tsinani nsonga za nthambi zimene zikuthamanga, basi. Khungwa lake limapsa ndi dzuwa likavundukulidwa, ndiye thunthu la peyala laling'ono mulipake penti yoyera ya madzi yosungunula. Lalanje lisiyeni ndi thunthu lopanda nthambi mpaka pa bondo, nthambi zitatu kapena zinayi pamwamba pake, kenako muzingochotsa zouma ndi zopingasana. Papaya sadulidwa mutu.

Mpeni ukhale wakuthwa, ndipo muziupukuta ndi sipiriti mukamachoka pa mtengo wina kupita pa wina. Chikwanje chimang'amba khungwa, musachigwiritse ntchito pa mtengo waung'ono. Dulani tsiku lopanda mvula. Utomoni wa mango umawaula khungu, musaulole kufika m'maso.

7. Chakudya cha mtengo

Manyowa a m'dzenje amakwanira miyezi yoyamba. Kenako chaka chilichonse, mvula ikamayamba, mwazani ndowa ziwiri kapena zitatu za manyowa mozungulira, molingana ndi pamene nthambi zathera, chifukwa mizu yodyera ili kumeneko osati pa thunthu. Muzionjezera mtengo ukamakula. Ngati mukuthira fetereza, thirani pang'onopang'ono kangapo, dothi lili lonyowa. Fetereza wokulitsa masamba, monga urea, akachuluka mtengo umangobiriwira osachita maluwa. Mitengo yambiri yosabereka imene ndimafunsidwa ili pafupi ndi khola kapena pakati pa dimba la masamba pamene imadya ndi kumwa chaka chonse. Mango okhwima amafuna kumva chilala kwa miyezi iwiri kapena itatu asanachite maluwa. Siyani kuwathirira nthawi imeneyo, mudzayambirenso tizipatso tikagwira.

8. Zipatso zikayamba

Musadabwe maluwa ndi tizipatso tambiri tikamayoyoka. Mango ndi mapeyala amatulutsa maluwa ochuluka kwambiri kuposa zipatso zimene angasenze. Musapopere mankhwala ophera tizilombo nthawi ya maluwa, chifukwa njuchi ndi ntchentche ndizo zimanyamula mungu. Duwa la peyala limatseguka kawiri, koyamba ngati lalikazi, tsiku lotsatira ngati lalimuna, ndipo mitundu ina imayamba m'mawa, ina masana. Hass ndi Fuerte amasiyana nthawi zimenezi, choncho akakhala moyandikana amathandizana, ngakhale kuti mtengo umodzi pawokha umaberekabe. Peyala silifewera mumtengo. Thyolani awiri kapena atatu, muwaike m'nyumba. Akafewa bwino pasanathe masiku 10 osakwinyika, ena onse akhwima.

Mdani wamkulu wa mango ndi magwafa ndi ntchentche ya zipatso. Mtundu woopsa kwambiri, Bactrocera dorsalis, unachokera ku Asia ndipo unapezeka koyamba mu Africa ku Kenya mu 2003. Yaikazi imaboola khungu n'kuikira mazira m'kati. Kunja mumangoona kadontho, koma mukasenda mumapeza mphutsi. Chipatso chikagwa, mphutsizo zimalowa m'dothi n'kutulukamo zili ntchentche zatsopano. Njira yoyamba ndi kutola zipatso zonse zakugwa kawiri kapena katatu pa sabata. Musaziponye padzala. Zikwirireni m'dzenje lakuya theka la mita, kapena muzimange m'thumba la pulasitiki lakuda n'kulisiya padzuwa kwa sabata. Misampha ya mankhwala a methyl eugenol imakoka zazimuna zokha, ndipo imathandiza kwambiri oyandikana nanu akamachitanso chimodzimodzi. Pa mtengo wamfupi mukhozanso kuvundikira chipatso chilichonse ndi kathumba ka pepala chikadali chaching'ono.

9. Ngati mtengo unakula kale molakwika

Ngati muli ndi mango kapena peyala lalikulu la njere lobereka zipatso zosakoma, kapena lalanje limene linalandidwa ndi tsinde, musafulumire kulizula, chifukwa mizu yake ndi ya zaka zambiri. Dulani nthambi zikuluzikulu pa mtunda wa mita imodzi kapena imodzi ndi theka, musiye nthambi imodzi kuti izidyetsa mtengo, mupake thunthu penti yoyera. Mphukira zikatuluka n'kufika kunenepa kwa pensulo, itanani munthu wodziwa kumezanitsa alumikizepo mtundu umene mukufuna pa mphukira zitatu kapena zinayi. Zikagwira, dulani nthambi imene munasiya ija, ndipo muzichotsa mphukira zina zonse zosamezanitsidwa monga mwa ndondomeko 6. Mtengo wotere umayambiranso kubereka pakatha zaka 2 kapena 3.